Kusankha poika webusayiti ya bungwe lanu: malangizo kwa makomiti a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga

Mabungwe ambiri a kuno kwathu, kaya ndi la alimi a mbatatesi ku Tsangano, la amayi osunga ndi kubwereketsana ndalama ku Ulónguè kapena la aphunzitsi opuma pa ntchito ku Furancungo, amayamba kuganiza za webusayiti tsiku limene wofuna kuwathandiza wafunsa kuti, "Nanga pa intaneti tikupezani pati?" Komiti imachita manyazi, n'kuitana mnyamata wodziwa kompyuta. Iye amamanga chinthu chokongola, anthu n'kuwomba m'manja. Ikatha miyezi ingapo mnyamatayo wapita ku Beira kusukulu kapena wapeza ntchito ku Moatize, pasiwedi yapita naye, ndipo tsamba likulengezabe msonkhano womwe unachitika kalekale.

Chifukwa chake funso lakuti ndi pulogalamu iti yomwe ili yabwino koposa silithandiza kwenikweni. Funso lothandiza ndi ili: ndi iti yomwe mlembi amene muli nayeyo angaiyendetse yekha, pa foni yomwe ali nayo, ndi netiweki ya kumene amakhala? Masitepe ali m'munsiwa ndawayala motsatira funso limeneli. Atsatireni mwa ndondomeko yake, chifukwa kusankha pulogalamu kukubwera pachinayi, osati poyamba.

1. Lembani papepala ntchito ya webusayitiyo

Khalani pansi ngati komiti, wapampando, mlembi, msungichuma ndi mmodzi wa Conselho Fiscal, ndipo aliyense anene chomwe akufuna kuti webusayiti izichita. Mukamvetsera bwino mupeza kuti zonenedwazo zili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi kuonetsa bungwe kwa anthu akunja: ndinu ndani, muli kuti, munalembetsedwa liti, mumachita chiyani, munthu angakupezeni bwanji. Lachiwiri ndi kulengeza zinthu kwa mamembala. Lachitatu ndi kaundula wa mamembala pamodzi ndi joya (ndalama yolowera) ndi kota (zopereka za mwezi ndi mwezi) zawo.

Pa zitatuzi, webusayiti imagwira bwino ntchito yoyamba. Yachiwiri ikugwiridwa kale ndi gulu la WhatsApp, wailesi ya m'dera ndi chilengezo cha kutchalitchi, ndipo mayi wa ku Dómuè sangawononge mamega ake kutsegula webusayiti kuti adziwe tsiku la msonkhano pomwe uthenga wamawu ukumufikira pafoni. Yachitatu ndi yomwe imakweza mtengo ndi kubweretsa mavuto onse. Mukavomereza zimenezi pa msonkhano woyambawu, theka la mapulogalamu omwe anthu angakutsatseni lagwa kale.

Potuluka pa msonkhanowo mukhale ndi mndandanda wa masamba. Kwa bungwe la mamembala makumi angapo kapena mazana ochepa, awa amakwana: za bungwe, atsogoleri ndi maudindo awo, ntchito zomwe mwachita, mmene munthu angalowere, zikalata, ndi mmene angakupezereni. Pa tsamba la zikalata ikani estatuto yanu ndi umboni wakuti boma linakuvomerezani. Ngati munalembetsedwa pansi pa Lamulo 8/91, ikani tsamba la Boletim da República pomwe estatuto inasindikizidwa. Ngati ndinu bungwe la alimi ndi oweta lomwe linavomerezedwa ku boma la m'dera motsatira Decreto-Lei 2/2006, jambulani chikalata chimenecho bwinobwino n'kuchiika. Wothandiza aliyense wanzeru amayamba wafufuza zimenezi asanaone zithunzi.

2. Tchulani anthu awiri, mayina awo alembedwe mu akita (zolemba za msonkhano)

Osati "achinyamata adzaona", koma anthu awiri odziwika. Mmodzi akhale wa m'komiti, makamaka mlembi. Winayo atha kukhala wachinyamata wochangamuka, mwina wophunzira ku sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulónguè, koma akhale wothandizira, osati mwini.

Kenako afunseni mafunso osavuta. Ali ndi kompyuta kapena foni yokha? Kumene amakhala ikugwira bwino ndi Movitel, Vodacom kapena Tmcel? Magetsi a EDM anafika, kapena amatchajitsa foni pamsika? Amawerenga Chipwitikizi bwinobwino? Mayankho amenewa ndi amene asankhe pulogalamu. Za chilankhulo musadandaule kwambiri, chifukwa mapulogalamu akuluakulu monga WordPress, Wix ndi a Google ali ndi mabatani a m'Chipwitikizi.

3. Tsegulani maakaunti m'dzina la bungwe musanamange chilichonse

Apa ndi pomwe ndikufuna muchedwepo, chifukwa mawebusayiti ambiri a mabungwe amafera pano, osati pa kusankha pulogalamu yolakwika.

Chilichonse cha pa intaneti chimapachikidwa pa imelo. Amene ali ndi imelo yomwe inatsegulira webusayiti ndiye mwini wake weniweni, ngakhale estatuto inene zotani. Akaiwala pasiwedi, uthenga wokonzera umapita ku imelo imeneyo. Nthawi yolipira ikakwana, chikumbutso chimapita komweko. Ndiye ngati mnyamata uja anagwiritsa ntchito imelo yakeyake, bungwe lili pa lendi m'nyumba ya munthu wina popanda kudziwa.

Chitani izi. Tsegulani imelo yatsopano ya Gmail yokhala ndi dzina la bungwe. Ndi yaulere ndipo imabwera ndi malo osungira zinthu okwana 15 GB, omwe muziikamo zikalata ndi zithunzi. Gulani simu yapadera ya bungwe yolandirira manambala achinsinsi, ndipo izikhala ndi mlembi kapena msungichuma. Simu imeneyi muziidyetsa kredito nthawi ndi nthawi, chifukwa simu yongokhala m'kabati kwa miyezi yambiri kampani imaitseka, nambala n'kudzapatsidwa munthu wina. Yatsani chitetezo cha masitepe awiri pa imeloyo, choti polowa pazifunika pasiwedi komanso nambala yachinsinsi yobwera pa simuyo. Google imakupatsani manambala 10 osungira, omwe mungalowere nawo ngakhale foni itatayika. Asindikizeni kapena alembeni pamanja, muwaike mu envelopu pamodzi ndi pasiwedi, mumate, anthu awiri asainire pomatapo, ndipo isungidwe pomwe pamakhala chidindo ndi buku la akita.

Pasiwedi isakhale dzina la bungwe ndi chaka chomwe linayamba. Aliyense amayamba kuyesa chimenecho. Tengani mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, muwalumikize ndi manambala pakati. Ndi yosavuta kukumbukira koma yovuta kuilota.

Pomaliza, Assembleia Geral ivomereze chiganizo chimodzi cholembedwa: imelo, simu, webusayiti ndi dzina lake ndi katundu wa bungwe, ndipo wosiya udindo amapereka zonsezi monga mmene amaperekera makiyi ndi chidindo. Zimaoneka ngati mwambo chabe mpaka tsiku lomwe chisankho cha atsogoleri chatha ndi mkangano.

4. Tsopano yang'anani mapulogalamu

Google Sites ndiye yosavuta kuposa onse. Imabwera ndi imelo ija, siilipiritsa, siika zotsatsa malonda, ndipo palibe chofunika kuchikonza mwezi ndi mwezi. Mumakoka bokosi la mawu, bokosi la chithunzi, n'kudina batani losindikiza. Chikalata chomwe chili mu Google Drive, kalendala ya misonkhano, mapu oonetsa ofesi yanu ndi fomu yolembetsera zimalowa m'tsamba mosavuta. Zofooka zake ndi ziwiri. Kukonza tsamba kumafuna kompyuta, pa foni n'kuzunzika. Komanso ilibe njira yoikira nkhani zatsopano zomwe zimadzisanja zokha potsatira masiku. Ngati webusayiti yanu ndi yongoonetsa bungwe ndipo izisinthidwa kanayi kapena kasanu pachaka, musapitenso kwina. Mlembi atha kubwereka kompyuta kusukulu kapena kuparishi tsiku limodzi n'kumaliza zonse.

WordPress ndiye dzina lomwe mudzalimva kwambiri, ndipo pali chifukwa: inayamba mu 2003, ndipo lero mawebusayiti oposa 40 pa 100 alionse padziko amayendera iyo. Ubwino wa kutchuka kumeneku ndi wakuti munthu woidziwa sasowa, kaya ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Maputo. Koma chenjerani, pali zinthu ziwiri zosiyana pansi pa dzina limodzi. Pa WordPress.com kampani ndiyo imakusungirani webusayiti, kuikonza ndi kuiteteza. Pali pulani yaulere, yomwe imaika zotsatsa pa tsamba lanu, dzina lanu n'kuthera ndi wordpress.com, komanso siilola kuwonjezera ma plugin, timapulogalamu towonjezera zomwe webusayiti ingachite. Kwinako, mumatenga pulogalamu ya WordPress yaulere n'kuiika pa hosting (malo a lendi osungirako webusayiti pa intaneti) yomwe mukulipira nokha. Pamenepo mutha kuchita chilichonse, koma kukonza, kusunga makope ndi kuthamangitsa akuba ndi ntchito yanu. WordPress yosiyidwa chaka chathunthu osaikonza imalowedwa ndi akuba, ndipo tsiku lina mumadzapeza tsamba la bungwe la amayi likutsatsa njuga.

Kwa bungwe lomwe lili ndi nkhani mwezi uliwonse, monga mitengo ya mbewu, maphunziro kapena maulendo a kumunda, WordPress.com ndi yomwe ndingasankhe. Ili ndi pulogalamu ya pa foni ya Android, moti mlembi atha kulemba nkhani ali kumudzi n'kuitumiza akafika pomwe pali netiweki. Imalolanso kupatsa anthu maudindo osiyana: Administrador amatha kusintha zonse, Editor amakonza zolemba za aliyense, Autor amasindikiza zake zokha, Colaborador amalemba koma sangasindikize mpaka wina avomereze. Udindo wa Administrador ukhale pa imelo ya bungwe ija, wachinyamata wothandizira apatsidwe wa Editor. Ndipo tsiku lomwe mwafuna kusamuka, pali batani lotulutsira zolemba zanu zonse mu fayilo imodzi yomwe WordPress ina iliyonse ingailandire.

Wix ndi yokongola ndipo kumanga nayo n'kosangalatsa. Chomwe sindiikondera ndi chakuti webusayiti yomangidwa pa Wix singasamutsidwe kupita kwina. Mitengo ikakwera kapena khadi la banki likakana, mumayambiranso kumanga pachiyambi. Squarespace nayo ndi yolipira ndi ndalama zakunja mwezi ndi mwezi, ndipo ilibe pulani yaulere yokhalitsa.

Joomla ndi Drupal ndi zamphamvu, koma zimafuna katswiri wokhazikika. Wina akakuuzani kuti akumangirani pa Drupal, mufunseni ngati adzakhalapo zaka zisanu zikubwerazi.

Palinso mapulogalamu opangidwira mabungwe a mamembala enieni. Wild Apricot imasunga kaundula, kutumiza zikumbutso za kota ndi kulembetsa anthu ku misonkhano, koma imalipiritsa ndi madola molingana ndi kuchuluka kwa anthu omwe mwawalemba, ndipo inapangidwira mamembala okhala ndi imelo ndi khadi la banki. CiviCRM ndi yaulere ndipo imagwira ntchito pamodzi ndi WordPress, Drupal kapena Joomla, koma kuiika ndi kuisamalira si ntchito ya mlembi wongodzipereka. Izi ndi za mgwirizano waukulu wa mabungwe a chigawo chonse, wokhala ndi ofesi ndi munthu wa kompyuta wolandira malipiro. Bungwe la kumudzi likazitenga lili ngati munthu wogula thirakitala ya kadimba ka mizere khumi.

Ena adzafunsa kuti, "Nanga tsamba la Facebook silikwana?" Likhalepo ndithu, chifukwa anthu ali kumeneko. Koma chikalata choikidwa pa Facebook chimamira pansi pa zithunzi, ndipo tsambalo limapachikidwa pa akaunti ya munthu. Likhale ndi oyang'anira awiri kapena atatu, ndipo lizilozera anthu ku webusayiti.

5. Yesani ziwiri musanasankhe

Musasankhe pongomva. Tengani ziwiri zomwe zatsala, mwina Google Sites ndi WordPress.com, zonse pa pulani yaulere, ndipo mlembi achite ntchito zomwezi pa iliyonse popanda womugwira dzanja: alembe chilengezo cha msonkhano, aike chithunzi chimodzi, aike chikalata cha PDF, asinthe nambala ya foni pa tsamba la mmene angakupezereni, kenako atuluke n'kulowanso. Wachinyamata uja akhale pambali manja ali kumbuyo. Pomwe mlembi wakakamira, lembani.

Ikatha sabata abwerezenso, osayang'ana zomwe analemba. Pulogalamu yomwe waikumbukira ndi imeneyo. Kenako tumizani linki kwa membala wokhala kutali ndi tawuni, amene ali ndi foni yotsika mtengo, atsegule n'kukuuzani ngati yatseguka msanga. Kuyesera pa Wi-Fi ya mu ofesi ku Tete kumanamiza.

6. Dzina la webusayiti

Mutha kuyamba ndi dzina laulere lomwe pulogalamu yakupatsani, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma dzina lanulanu, lomwe amati domain, lili ndi phindu lenileni: mukadzasamuka pulogalamu, dzinalo limasamuka nanu, ndiye zomwe munasindikiza pa chikwangwani ndi pa mapepala a makalata sizifa.

Dzina lothera ndi .org limagulidwa kwa makampani akunja, kawirikawiri pa mtengo wa pakati pa madola 10 ndi 20 pachaka. Dola yakhala ikuzungulira pa mametikali 64 kubanki kwa zaka zingapo, ndiye werengerani nokha. Pamafunika khadi la banki lololedwa kugula pa intaneti. Dzina lothera ndi .org.mz limaonetsa kuti ndinu a kuno, ndipo mayina a .mz akhala akuyendetsedwa ndi CIUEM, likulu la makompyuta la Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Polembetsa konzani zikalata za bungwe ndi NUIT (nambala ya msonkho) yake. Makampani a hosting a m'dziko muno amathandizanso kulembetsa, ndipo ubwino wawo ndi wakuti mumalipira ndi mametikali n'kulandira fatura yoti msungichuma aonetse ku Conselho Fiscal.

Kulikonse komwe mwagula, onetsetsani kuti pa malo a mwini palembedwa dzina la bungwe ndi imelo ya bungwe. Dzina likhale lalifupi, lopanda zizindikiro za pamwamba pa zilembo, loti munthu angalitchule pa wailesi wina n'kulilemba molondola. Domain ndi ya lendi ya chaka ndi chaka. Mukapanda kulipira imatha, ndipo wina atha kuigula. Dziwaninso kuti pa WordPress.com ndi Wix kulumikiza dzina lanulanu kumafuna pulani yolipira, pomwe pa Google Sites mumangolipira dzinalo.

Pomaliza onani ngati adiresi ikuyamba ndi https, chizindikiro chakuti kulumikizana ndi webusayitiyo n'kotetezedwa. Mapulogalamu omwe ndatchulawa amapereka zimenezi okha. Pa hosting yanuyanu pali satifiketi yaulere ya Let's Encrypt yopezera https, ndiye wina asakulipiritseni ndalama zambiri pa chinthu chimenechi.

7. Joya ndi kota zisadutse pa webusayiti

Ma plugin ambiri a umembala, monga Paid Memberships Pro kapena MemberPress, anamangidwa poganizira makadi a banki ndi makampani monga Stripe, yomwe siitsegulira akaunti mabungwe a ku Mozambique. Mamembala athu amalipira ndi M-Pesa, e-Mola, mKesh, kapena ndalama m'manja pa tsiku la msonkhano. N'zotheka kulumikiza M-Pesa ku webusayiti, Vodacom ili ndi njira yake ya akatswiri, koma pamafunika mgwirizano wa bizinesi ndi munthu wolemba mapulogalamu. Pa kota ya mametikali ochepa pamwezi, mtengo wake sungabwerere.

Njira yoyenda ndi iyi. Pa tsamba la mmene munthu angalowere lembani joya ndi kota, nambala ya bungwe yolandirira ndalama, ndi dzina lomwe lioneke pa foni munthu asanatsimikize kulipira. Lembaninso kuti wolipira atumize uthenga wotsimikizira kwa msungichuma pamodzi ndi nambala yake ya umembala. Msungichuma alembe m'buku ndi kupereka lisiti monga mwa nthawi zonse. Funsani ku shopu ya kampani ya foniyo za akaunti yolembetsedwa m'dzina la bungwe, chifukwa ndalama za gulu zikamalowa pa nambala ya munthu, ngakhale munthuyo akhale wokhulupirika chotani, manong'onong'o sachedwa. Ndipo lembani ndi zilembo zazikulu kuti bungwe silidzapempha PIN ya munthu, ndiponso kuti nambala yolipirira siisintha kudzera pa uthenga wa pafoni. Anthu otumiza mauthenga akuti "tumizani pa nambala iyi" tonse tikuwadziwa.

Mabungwe a m'malire, monga ku Calómuè kapena ku Zóbuè, amakhala ndi mamembala ena ogwira makwacha. Gwirizanani pa msonkhano ngati mukulandira ndalama zimenezo, ndipo pa webusayiti lembani mtengo wa mametikali okha kuti pasakhale kukangana za kasinthidwe.

8. Kaundula wa mamembala

Fomu ya Google Forms imalowa bwino mu Google Sites, ndipo pa WordPress mutha kuika linki yake. Mayankho amagwera mu tebulo la Google Sheets lomwe limaonedwa ndi okhawo amene mwawalola. Tebulo limenelo ndi kaundula wanu: dzina, mudzi kapena bairo, nambala ya foni, tsiku lolowera, ndi mizere ya miyezi yolembamo kota. Olisintha akhale mlembi ndi msungichuma, a Conselho Fiscal apatsidwe mwayi wongoona. Linki ya tebuloli isaponyedwe pa gulu la WhatsApp.

Funsani zochepa. Simukufunika chithunzi cha BI (chitupa) ya munthu pa intaneti. Ndime 71 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa kugwiritsa ntchito makompyuta polemba ndi kusunga zokhudza maganizo a ndale a munthu wodziwika, chipembedzo chake, chipani kapena bungwe la antchito lomwe ali, ndi moyo wake wachinsinsi. Ndiye mafunso otere asapezeke pa fomu yanu. Ngati ndinu gulu lothandizana la anthu odwala matenda ena ake, kaundula wanu asayandikire n'komwe webusayiti. Mndandanda wa omwe sanalipire kota nawonso si wa pa tsamba loonedwa ndi dziko lonse. Nkhani imeneyo ndi ya pa msonkhano.

Ambiri mwa mamembala sadzalemba fomu okha. Adzabwera kwa mlembi, iye n'kuwalembera, ndipo zili bwino choncho. Buku la pamanja lisatayidwe. Kumapeto kwa 2024, pambuyo pa chisankho, intaneti ya pafoni ndi WhatsApp zinkadulidwa kwa masiku, ndipo bungwe lomwe linali ndi kaundula pa intaneti pokha likanasowa pogwira. Kamodzi pa miyezi itatu tsitsani tebulolo n'kulisunga pa fulashi, ndipo musanachite Assembleia Geral lisindikizeni.

Nanga tsamba la mamembala okha, lolowa ndi pasiwedi? Ambiri amalifuna, ochepa amaligwiritsa ntchito. Munthu aliyense angafunike imelo ndi pasiwedi yake, ndipo mlembi angasanduke wokumbutsa anthu mapasiwedi. Akita ndi lipoti la chuma atumizeni pa gulu la mamembala kapena awerengeni pa msonkhano.

9. Zilankhulo ndi zithunzi

Boma ndi othandiza amawerenga Chipwitikizi, mamembala amamva Chichewa, ndipo mukatsikira kumunsi ku Tete mukumana ndi Chinyungwe. Musavutike ndi makina osinthira zilankhulo. Pa masamba asanu ndi limodzi, lembani Chipwitikizi pamwamba ndi Chichewa pansi pa tsamba lomwelo. Pa WordPress ya hosting yanuyanu pali plugin ya Polylang yopanga masamba awiriawiri, koma zikutanthauza kukonza chilichonse kawiri, ndipo mbali imodzi imatsalira. Google Translate imadziwa Chichewa, koma zomwe yatulutsa ziwerengedwe mokweza pamaso pa munthu wamkulu wa m'bungwe zisanasindikizidwe.

Zithunzi ndi zomwe zimadya mamega a owerenga. Chithunzi chochokera pa foni chimatha kulemera 4 MB, ndiye khumi pa tsamba limodzi ndi 40 MB. Chichepetseni chifike pa 200 kapena 300 KB musanachiike. Njira yachidule ndi kudzitumizira chithunzicho pa WhatsApp mwa nthawi zonse n'kutenga chomwe chafikacho, chifukwa WhatsApp imachichepetsa yokha. Mavidiyo aikeni pa YouTube, pa webusayiti pangokhala linki. Pemphani chilolezo kwa amene mwawajambula, ndipo ngati ndi ana, kwa makolo awo.

10. Ngati mukulemba ntchito munthu woti akumangireni

Palibe cholakwika, makamaka ngati wothandiza wapereka ndalama zake. Koma ndalama za pulojekiti zimatha, webusayiti imatsala. Musanasaine, mufunseni kuti akumanga pa pulogalamu iti, ndipo akakana kukuuzani, musiyeni. Pulogalamu yomwe wailemba yekha ndi yoti adzaikonza yekhanso. Mufunseni ndalama zomwe muzilipira chaka chilichonse iye atachoka, hosting payokha, domain payokha, ndipo msungichuma aone ngati kota za mamembala zingakwanitse popanda wothandiza. Mufunseni amene azikonza pulogalamu ndi kusunga makope, ndi komwe makopewo azikhala.

Amange pogwiritsa ntchito imelo ya bungwe, osati yake. Gawo lomaliza la malipiro lisungidwe mpaka mlembi atachita yekha ntchito zonse za mu sitepe 5 pamaso pa komiti, ndiponso womangayo atasiya pepala limodzi la malangizo, lolembedwa m'Chipwitikizi chosavuta kapena m'Chichewa, lofotokoza polowera, poika nkhani ndi posinthira nambala. Akamaliza, sinthani mapasiwedi onse ndipo udindo wake utsitsidwe kapena uchotsedwe. Mukadzamufunanso mudzamutsegulira.

Chotsalira ndi kalendala. Lembani m'buku la akita tsiku lomwe domain ndi hosting zimatha, ndipo muzilipira mwezi umodzi lisanafike, makamaka ngati likugwera m'miyezi ya dzinja pomwe thumba la bungwe limakhala lopepuka ndipo anthu ali kumunda. Ngati n'kotheka, lipirani zaka ziwiri nthawi imodzi mbewu zikangogulitsidwa. Pa Assembleia Geral ya chaka chilichonse, Conselho Fiscal itsegule envelopu ija, iyese kulowa mu imelo ndi mu webusayiti, ione ngati simu ikugwirabe, ndipo ngati atsogoleri asintha, pasiwedi isinthidwe tsiku lomwelo, mayina a pa tsamba la atsogoleri akonzedwe, envelopu yatsopano imatidwe n'kusainidwa.